Kapangidwe ka sefa yotsika mtengo ya kadziwe ka m'munda

Kadziwe kakang'ono kamada msanga kuposa dziwe lalikulu, chifukwa madzi ake ndi ochepa pomwe zogweramo n'zambiri: masamba, fumbi, chakudya chimene nsomba zasiya, ndi ndowe za nsombazo. Sefa yogula m'sitolo imathandiza, koma mkati mwake mulibe chodabwitsa. Ndi chidebe chimene madzi amalowera mbali ina, n'kudutsa m'zinthu zogwira litsiro, n'kutulukira mbali ina. Mukhoza kupanga yanu ndi mgolo wapulasitiki, mapaipi angapo ndi pampu, ndipo ikapangidwa bwino imaposa timasefa tambiri togula, chifukwa malo ake amkati ndi aakulu.

Musanagwire chida chilichonse, dziwani kuti sefa ili ndi ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yooneka ndi maso, yogwira matope ndi zinyenyeswa kuti madzi ayere. Yachiwiri sioneka, koma ndi imene imasunga moyo wa nsomba. Nsomba imatulutsa amoniya, makamaka kudzera m'ziwalo zake zopumira, ndipo zowola za pansi pa dziwe zimawonjezera wina. Amoniya ndi poizoni ngakhale atakhala wochepa kwambiri. Pali mabakiteriya amene amamusandutsa nitrite, yemwenso ndi woopsa chifukwa amalepheretsa magazi a nsomba kunyamula okosijeni. Gulu lina la mabakiteriya limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimatha kupirira ndipo zomera zimamudya ngati feteleza. Mabakiteriyawa sayandama m'madzi, amakakamira pa zinthu. Choncho sefa yanu kwenikweni ndi malo oti iwo akhalepo, pomwe madzi okhala ndi mpweya akudutsa usana ndi usiku. Madzi akhoza kuyera mbee koma n'kumapha nsomba, ndipo anthu ambiri amagwa m'vuto limeneli chifukwa amangoona maonekedwe.

Yambani ndi kudziwa kuchuluka kwa madzi

Pampu ndi mgolo zimasankhidwa potengera malita a m'dziwe, ndiye musangoyerekeza. Yezani mulitali, mulifupi ndi kuya m'mamita, muchulukitse zitatuzo, kenako muchulukitsenso ndi 1,000. Dziwe la mamita 2 mulitali, 1.5 mulifupi ndi 0.5 kuya limasunga malita 1,500. Ngati ndi lozungulira, tengani theka la kutambalala kwake, mulichulukitse ndi lokha, kenako ndi 3.14, ndi kuya, ndi 1,000. Dziwe lotambalala mamita 2 komanso lakuya theka la mita limakhala ndi malita 1,570. Ngati m'mphepete ndi motsetsereka kapena mokhotakhota, chotsani gawo limodzi mwa magawo asanu a yankho lanu.

Madzi onse a m'dziwe ayenera kudutsa mu sefa kamodzi pa ola limodzi kapena awiri. Pa malita 1,500 ndiye kuti mukufuna malita pakati pa 750 ndi 1,500 pa ola. Ngati muli timansomba tochepa ndi zomera zambiri, nambala yotsikayo ikukwanira. Ngati muli nsomba za koi, zimene zimadya kwambiri ndi kuipitsa madzi kwambiri, tengani yokwerayo.

Apa pali msampha. Nambala yolembedwa pa bokosi la pampu ndi ya madzi amene imaponya pamene sikukweza madzi m'mwamba ngakhale pang'ono. Ikayamba kukankhira madzi mumgolo wokwera mita imodzi pamwamba pa dziwe, mphamvu imatsika, ndipo pa timapampu ting'onoting'ono imatha kutsika mpaka theka. Onani tchati chimene chimakhala pa bokosi kapena m'kabuku kake, chosonyeza malita pa msinkhu uliwonse. Msinkhuwo muyeze kuchokera pamwamba pa madzi a m'dziwe kufika pamene paipi yakwera kwambiri, osati kuchokera pansi pa dziwe. Gulani pampu yomiza m'madzi, yopangidwira kuyenda osaima, ndipo ngati ilipo yotha kupititsa tizinyalala ting'onoting'ono, imeneyo ndi yabwino chifukwa simudzavutika kuitsuka tsiku ndi tsiku.

Zofunika kusonkhanitsa

Pa dziwe la malita 1,000 mpaka 2,000, pezani mgolo wapulasitiki wa malita 60 mpaka 100 wokhala ndi chivundikiro. Waukulu sulakwika, waung'ono ndi umene umavutitsa. Ukhale wosaonekera mkati, wakuda kapena wabuluu, kuti kuwala kusalowe n'kumeretsa ndere. Funsani chimene munali kale. Mgolo umene munali mankhwala ophera tizilombo, mafuta a galimoto, penti kapena sopo wamphamvu ausiyeni, chifukwa pulasitiki imasunga zotsalira ndipo kutsuka sikuzichotsa zonse. Umene munali zakudya kapena zakumwa ndi woyenera.

Mufunikanso hozipaipi ya mamilimita 20 kapena 25 yochokera ku pampu, paipi ya PVC ya kukula komweko yolowera mumgolo, cholumikizira cha T chimodzi ndi maelibo atatu. Potulutsira madzi pezani paipi ya mamilimita 50. Onjezani ma tank connector (zolumikizira paipi pabowo la khoma la mgolo) atatu okhala ndi mawashala a mphira, valavu imodzi ya mamilimita 25 kapena 32, guluu wa mapaipi a PVC, zomangira hozipaipi zosachita dzimbiri, njerwa zingapo, ndi kreti yakale yapulasitiki yoti mudulepo pansi pake kuti pakhale kachithandala kamabowo kogonekapo zosefera.

Paipi yotulutsa iyenera kukula kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi yolowetsa, ndipo mfundo imeneyi isanyalanyazidwe. Madzi olowa akukankhidwa ndi pampu, pomwe otuluka akungotsetsereka okha. Mapaipi akakhala ofanana, mgolo umadzaza n'kusefukira, pampu n'kumapitiriza kupopa mpaka dziwe litaphwa.

Kuboola ndi kulumikiza

Sefa imene tikufotokoza pano ndi yoti madzi amalowera pansi n'kumakwera. Ubwino wake ndi wakuti matope olemera amakhazikika pansi asanafike pa zosefera, ndipo mumawachotsa pongotsegula valavu.

Jambulani mabowo atatu pakhoma la mgolo. Loyamba ndi lotulutsira madzi, masentimita 12 kutsika kuchokera pamlomo. Lachiwiri ndi lopulumukira madzi pakachitika ngozi, ndipo likhale pamwamba pang'ono kuposa loyambalo, chapambali pake. Lachitatu ndi la valavu yotayira matope, pansi penipeni pamene khoma lili lowongoka moti washala akhoza kugona bwino, kawirikawiri masentimita 3 mpaka 5 kuchokera pansi. Boolani ndi macheka ozungulira omangirira ku makina oboolera, mwapang'onopang'ono, osakankha mwamphamvu, chifukwa pulasitiki ikatentha imasungunuka ndipo bowo limapotoka. Palani zotsalira m'mphepete mwa bowo ndi mpeni kapena sandipepala mpaka pasalale. Kachidutswa kamodzi kotsalira pansi pa washala n'kokwanira kudontheza madzi.

Lowetsani ma tank connector, washala wa mphira akhale mkati mwa mgolo kumene kuli madzi. Mangani ndi dzanja mpaka polimba, kenako muwonjezere pang'ono chabe ndi sipanala. Mukamanga mopitirira, mphira imafinyika n'kutumphukira kumbali. Musadalire silikoni kuti ndiyo itseke mabowowa, chifukwa sigwira bwino pa pulasitiki ya migolo yambiri ndipo imamatuka pakapita miyezi. Ngati mwaigwiritsa ntchito pothandizira washala, ikhale yolembedwa kuti ndi ya matanki a nsomba. Ya m'bafa kapena m'khitchini nthawi zambiri imakhala ndi mankhwala oletsa nkhungu, amene ndi oopsa kwa nsomba.

Paipi yolowetsa madzi idutse pachivundikiro kapena pamlomo wa mgolo, kuti pasakhale bowo lina loti lidonthe. Iimirire pakati, itsike mpaka masentimita 5 kuchokera pansi. Kumapeto kwake ikani T, mbali iliyonse kachidutswa ka paipi kotalika masentimita 10, ndipo kunsonga kwa kachidutswa kalikonse muike elibo. Elibo imodzi iloze kutsogolo, inayo kumbuyo, kuti madzi azizungulira mumgolo m'malo mowomba pansi n'kuvundula matope. Zolumikizira za mkatizi musazimate ndi guluu. Zikangolowetsana molimba zikwanira, ndipo mudzatha kuzisolola potsuka. Guluu ndi wa zolumikizira za kunja, ndipo mumusiye aume kwa maola 24 madzi asanadutse.

Tsopano boolani kabowo ka mamilimita 4 papaipi yolowetsayo, mkati mwa mgolo, pamwamba pang'ono pa pamene madzi azilekezera, koloza chapansi. Kabowo aka kamaoneka kopanda pake koma kamateteza dziwe lonse. Magetsi akazima, madzi a mu hozipaipi amabwerera m'dziwe, ndipo pobwerera amakoka madzi a pansi pa mgolo pamodzi ndi matope onse amene sefa inasonkhanitsa. Kabowoka kamalowetsa mpweya n'kudula kukokako. Pampu ikamayenda kamangothira timadzi pang'ono mumgolo momwemo, ndipo palibe chimene chimatayika.

Dulani pansi pa kreti mozungulira molingana ndi mkati mwa mgolo, muboole pakati podutsa paipi. Ikani miyendo inayi ya zidutswa za paipi zotalika masentimita 12 mpaka 15, muzimange ndi timalamba tapulasitiki. Malo opanda kanthu a pansi pa kachithandalaka ndi mosungira matope, ndiye musaikemo chilichonse.

Zoika mkati

Pamwamba pa kachithandala yambani ndi zogwira zinyalala zikuluzikulu, zokhuthala masentimita 10. Siponji ya mabowo akuluakulu yopangidwira maiwe ndi yabwino, koma zidutswa za neti yotchingira dzuwa m'madimba, zokwinyidwa bwino, zimagwira ntchito yomweyo ndipo zimatsukika mosavuta.

Pakati ndi pamene pakhale mabakiteriya, ndipo gawo limeneli likhale lalikulu kuposa onse, masentimita 20 kapena kuposa ngati mgolo ndi wautali. Chofunika ndi zinthu zokhala ndi malo ambiri okakamirapo koma zosiya mipata yodutsa madzi. Zokwechera mapoto za nayiloni, zija zoluka ngati ukonde zopanda sopo, n'zopepuka ndipo zimasunga mabakiteriya ochuluka. Tizidutswa ta paipi yamagetsi yamakwinya todulidwa masentimita 2 kapena 3 timachitanso bwino. Miyala yamabowobowo ya kuphiri lophulika imagwira ntchito, kungoti ndi yolemera ndipo mabowo ake amatsekeka ndi matope pakapita nthawi. Miyala wamba yotsukidwa, ya masentimita 2 mpaka 3, ikhoza kulowa m'malo ngati zinazo palibe. Chilichonse chimene mwasankha, chiikeni m'timatumba taukonde tiwiri kapena titatu. Tsiku lotsuka mudzangonyamula thumba, m'malo mokokera tizidutswa mazana ndi manja.

Pamwamba penipeni ikani siponji ya mabowo ang'onoang'ono yokhuthala masentimita 4 kapena 5, yogwira litsiro losalala lomaliza. Idulidwe mokulirapo ndi sentimita imodzi kapena awiri kuposa mkati mwa mgolo kuti ikanikize khoma. Madzi amafuna njira yosavuta, ndipo pakakhala mpata m'mphepete onse amathamangira pamenepo, zosefera n'kumangokhala osagwira ntchito. Sanjikani mwala wosalala pamwamba kuti zisayandame, ndipo pakati pa siponji ndi bowo lotulutsira patsale masentimita atatu kapena anayi. Pakamwa pa paipi yotulutsa, chamkati, mangani kaukonde ka mabowo akuluakulu kuti kachidutswa kothawa kasatseke njira.

Pali zinthu zimene zimaoneka zoyenera koma sizili choncho. Mchenga umatsekeka m'masiku ochepa, ndipo mkati mwake mpweya sufika. Zokwechera zachitsulo zimachita dzimbiri. Masiponji ena a m'khitchini amakhala ndi mankhwala ophera mabakiteriya, amene akupha zomwe mukufuna kuweta. Siponji ya matiresi imafinyika, madzi sadutsa bwino, komanso ina imathiridwa mankhwala oletsa moto. Zidutswa za konkire watsopano zimakweza kwambiri pH ya madzi (muyeso wa asidi ndi alikali), zomwe zimavutitsa nsomba. Makala wamba ophikira si ofanana ndi makala apadera osefera madzi, ndipo ngakhale apaderawo mphamvu yawo imatha m'masabata ochepa, choncho pa dziwe wamba la m'munda safunika.

Kukhazika mgolo ndi kuyesa

Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, ndiye mgolo wa malita 60 wokhala ndi miyala umatha kupitirira makilogalamu 80. Salazani nthaka, muitsendere, muyale njerwa zolingana. Mgolo ukwere moti bowo lotulutsira lili pamwamba pa madzi a m'dziwe, komanso moti ndowa ikhoza kulowa pansi pa valavu. Ukhale pamthunzi. Paipi yotulutsa itsetsereke njira yonse mpaka kudziwe, popanda pokwera, ndipo madzi azigwa kuchokera masentimita 15 kapena 20 kuti azithovoka n'kutenga mpweya. Paipi ya bowo lopulumukira ilozenso m'dziwe.

Pampu iikeni kutali ndi pamene madzi akugwera, kumbali ina ya dziwe, kuti madzi onse aziyenda. Musaigoneke pansi penipeni. Ikhazikeni panjerwa, masentimita 15 mpaka 20 kuchokera pansi. Ikatero simeza matope ochuluka nthawi imodzi, ndipo tsiku lina hozipaipi ikadzasololoka usiku, m'dziwe mudzatsala madzi oti nsomba zipulumukiremo.

Nkhani ya magetsi ndi ya moyo wa munthu. Pampu ya magetsi a m'nyumba ilumikizidwe kudzera pa chozimitsa chodzitetezera chotchedwa RCD cha 30 mA, soketi ikhale yopangidwira panja, ndipo polumikizana mawaya pasagone pansi pofika mvula. Zimitsani ndi kuzula pulagi nthawi iliyonse musanalowetse dzanja m'madzi. Ngati pakufunika kukoka waya watsopano, itanani wodziwa zamagetsi. Pampu ya 12 V imachepetsa ngoziyi. Ya sola yopanda batire imaima dzuwa likalowa, pomwe usiku ndi m'bandakucha ndi nthawi imene mpweya umachepa kwambiri m'dziwe, choncho pa dziwe la nsomba siikwanira payokha.

Tsukani zosefera zonse, mudzaze mgolo, muyatse pampu, ndipo muime pomwepo. Onani ngati madzi akukhazikika pa msinkhu umodzi. Pukutani polumikizira paliponse ndi kapepala kouma kuti muone podontha. Kenako ikani ndowa ya malita 10 potulukira madzi, muwerenge masekondi. Gawani 36,000 ndi masekondiwo ndipo mupeza malita a pa ola: ikadzaza m'masekondi 36, ndiye malita 1,000 pa ola. Lembani nambalayi, chifukwa ndiyo idzakuuzeni m'tsogolo kuti sefa yayamba kutsekeka. Pomaliza zimitsani pampu dala, muone ngati kabowo kaja kadula madzi obwerera. Vundikirani, koma musatsekeretu, mpweya uzilowa. Mipata ya pachivundikiro muitchinge ndi neti ya udzudzu, ndipo ngati pakhomo pali ana, mangani chivundikirocho kuti asatsegule.

Masabata oyamba

Sefa yatsopano imayamba kugwira matope tsiku lomwelo, koma mabakiteriya amatenga masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi kuti achuluke mokwanira, ndipo madzi akazizira kufika pansi pa madigiri 10 amachedwa kwambiri. Nthawi imeneyi ndi imene nsomba zambiri zimafa. Musawonjezere nsomba, ndipo dyetsani pang'ono, chimene zingamalize m'mphindi ziwiri kapena zitatu. Ngati mungapeze siponji yakale ya mu sefa ya dziwe lina limene nsomba zake zili zathanzi, iikeni pakati pa zosefera zanu idakali yonyowa, ndipo kukhwima kufulumira.

Gulani zoyezera madzi za amoniya ndi nitrite, muziyeza kawiri pa sabata. Muona amoniya akukwera n'kutsika, kenako nitrite akutsatira chimodzimodzi. Zonse ziwiri zikafika pa 0 n'kukhazikika, sefa yakhwima. Zikakwera pamene nsomba zili momwemo, lekani kudyetsa kwa tsiku limodzi kapena awiri, musinthe gawo limodzi mwa magawo asanu a madzi. Madzi a kumpopi amakhala ndi kolorini. Akakhala m'chidebe chotsegula kwa tsiku limodzi kapena awiri kolorini amauluka, koma kumene amathira chloramine (kolorini wophatikizidwa ndi amoniya) kudikira sikuthandiza, pamafunika mankhwala ochotsera ogulitsidwa pamodzi ndi zinthu za nsomba.

Kutsuka, ndi zimene zimavuta

Kamodzi pa sabata zimitsani pampu, mutsegule valavu, musiye madzi akudawo atuluke mpaka atayamba kuyera. Athireni m'maluwa, ali ndi chakudya chambiri cha zomera. Siponji ya pamwamba ifinyeni mukaona kuti madzi achepa mphamvu. Matumba a pakati musamawakhudze kawirikawiri. Pakapita miyezi ingapo tulutsani thumba limodzi, muligwedeze m'ndowa ya madzi a m'dziwe, mulibwezere, linalo mudzatsuke patapita masabata awiri. Musatsuke ndi madzi a kumpopi, sopo kapena madzi otentha, ndipo musazisiye padzuwa. Kuterera kofiirira kumene mukuona pa zosefera si litsiro loti lichoke lonse, ndi mmene muli mabakiteriya.

Madzi otuluka akachepa, yambani kuona pampu musanasokoneze mgolo. Nthawi zambiri masamba amakhala atatseka pakamwa pake, kapena ulusi wa ndere wazinga kachipangizo kozungulira ka mkati. Onaninso ngati hozipaipi yapindika. Ngati madzi akutuluka ndi matope, ndiye kuti akudutsa mothamanga kwambiri, kapena apeza mpata m'mphepete, kapena pansi padzaza. Kuti muchepetse liwiro, ikani T ndi valavu pa hozipaipi kuti madzi ena azibwerera m'dziwe asanafike kumgolo. Musatseke kumene pampu imakokera madzi.

Magetsi akazima kwa maola angapo, mpweya umatha mumgolo ndipo matope amayamba kuwola mwa mtundu wina. Mukamva fungo ngati la dzira lowola, madzi amenewo asalowe m'dziwe. Atayeni onse kudzera pa valavu, mutsukuluze zosefera ndi madzi a m'dziwe, kenako muyatse, ndipo kwa sabata imodzi muziyeza amoniya ndi nitrite monga mumachitira sefa ikakhala yatsopano. Mukadziwiratu kuti magetsi achedwa, tsegulani valavu msanga ndi chivundikiro chomwe, kuti zosefera zikhale zonyowa koma zikupeza mpweya.

Madzi obiriwira ndi amene amakhumudwitsa anthu ambiri, mpaka kuganiza kuti sefa yalephera. Kubiriwirako ndi ndere zazing'ono kwambiri zoyandama, zimene zimadutsa m'siponji iliyonse. Zimakula chifukwa cha dzuwa ndi nitrate, ndipo sefa yogwira bwino ntchito imapanga nitrate ameneyo. Chepetsani chakudya cha nsomba, chotsani masamba ogwera asanawole, ndipo dzalani zomera za m'madzi zoti ziphimbe pafupifupi theka la pamwamba pa dziwe. Musakhuthule dziwe lonse n'kuthira madzi atsopano, chifukwa nderezo zimabwerera m'masiku ochepa ndipo nsomba zimavutika ndi kusinthako. Ngati mukufuna kuti madzi ayere msanga, lumikizani nyali ya UV yopangidwira maiwe pa hozipaipi, pakati pa pampu ndi mgolo. Imapha nderezo n'kuzichititsa kuundana moti siponji imazigwira, ndiye m'masiku oyamba siponji ya pamwamba izifinyidwa pafupipafupi. Babu lake limafooka ngakhale likuyakabe, choncho lisinthidwe kamodzi pa chaka.